Kamba wa pamsewu: kumugula n'kumupulumutsa kodi?

Pa 23 Meyi chaka chilichonse, kuyambira mu 2000, okonda zachilengedwe m'mayiko ambiri amakumbukira tsiku la akamba ndi ankhasi. Kuno kwathu ndi ochepa amene amalidziwa tsikuli, koma nkhani ya kamba ili m'kamwam'kamwa m'madera ena a Lilongwe ndi Blantyre. Mabanja okhala m'nyumba za mipanda ayamba kufuna kamba woti aziyendayenda pakapinga. Ena mwana wawo walirira galu mpaka kuwatopetsa, koma eni nyumba ya lendi anakaniratu zoweta galu. Ena angoona pafoni zithunzi za ana a kunja akudyetsa kakamba duwa, basi mtima dyokodyoko. Onsewa amatchula zifukwa zofanana: kamba sauwa, saluma mlendo, safuna nyama ya kubutchala, ndipo sangalumphe mpanda. Chimene amafunsana n'chakuti munthu wongoyamba kumene ayambe ndi kamba wamtundu wanji.

Ku Ulaya funso limeneli limayankhidwa kwa munthu woswetsa akamba, amene amakuonetsa mitundu itatu kapena inayi pamodzi ndi mapepala ake. Kuno zoterozo n'zosowa. Kamba amene munthu wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni angamupeze ndi yemwe mnyamata wina wamutola m'tchire dzulo lake, n'kuima naye m'mbali mwa msewu. Ndiye nkhani ya mtundu imayamba yakhala pambali, pabwera ina yovuta kuposa yoyambayo: kodi kamba wotoledwayo agulidwe kapena asiyidwe?

Mayi wina wa ku Lilongwe, amene anapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo akulera zidzukulu ziwiri, anakumana nalo funsoli akuchokera kumaliro ku Balaka. Galimoto yawo inaima chakufupi ndi Ntcheu, pamalo ena pamene anyamata amagulitsa mbewa. Pakati pa mipani ya mbewayo panali kamnyamata kogwira chingwe cha luzi, kumapeto kwake kukulendewera kamba, miyendo ikupalasa m'malere. Chingwecho chinadutsa pabowo limene anaboola ndi msomali wamoto m'mphepete mwa chigoba, chakumbuyo. Unali mwezi wa Disembala, mvula itagwa usiku, masana dzuwa likuswa mtengo. Mayiwo akuti sanaganize kawiri. Anapereka ndalama yosakwana n'kugula nkhuku komwe, anadula chingwecho ndi lumo, n'kumuika kambayo m'katoni mmene munali tomato.

Lero kambayo amakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, m'kakhola ka njerwa zosanjika mizere itatu. Pansi sipasesedwa dala. Pali masamba owuma aunjikana mpaka kubisa phazi, chipika chowola chili pakona, phale lalikulu lavundikiridwa chopendekera kuti likhale nyumba yake, ndipo chivundikiro cha ndowa chakwiriridwa kufanana ndi dothi kuti muzikhala madzi. Tsiku limene tinafika pakhomopo panatenga kanthawi kuti timuone, chifukwa chigoba chake chimafanana kwambiri ndi masambawo. N'chachikasu chodera, chamizere yakuda yozungulira imene yayamba kufufutika, chophwatalala pamwamba, ndipo kutalika kwake sikufika masentimita 20. Kudzanja lamanzere kuli chipsera chotuwa, pamene chikamba chakunja chinasupuka n'kusiya fupa poyera. Amenewo ndi malipiro a moto wa m'tchire, ndipo anabwera nacho. Bowo la msomali lilipobe, m'mphepete mwake mwanyenyeka. Mdzukulu wamkulu atamukhudza kumbuyo, mbali yonse ya kumchira inatsika mwapang'onopang'ono n'kutsekera miyendo yakumbuyo m'kati, kambayo akutulutsa mpweya ndi kamkokomo kotsika. Chimenecho ndicho chizindikiro cha akamba otseka kumbuyo, omwe asayansi amawatcha Kinixys, ndipo ndi amene amapezeka kwambiri m'nkhalango za mombo ndi msuku za dziko lino.

Kenaka mdzukulu wamng'ono anabwera ndi bongololo pakamtengo, n'kumuika pafupi ndi phale. Kwa mphindi zingapo palibe chinachitika. Bongololoyo anadzitambasula n'kuyamba ulendo. Apo mutu unayamba kutuluka, khosi lamakwinya likutalika kuposa mmene munthu angaganizire, diso lakuda lili pa nyamayo. Kamba amene timamudziwa ndi ulesi uja anaponya masitepe atatu ofulumira, n'kumuluma bongololoyo pakatikati. Anamupanikiza pansi ndi mwendo wakutsogolo, zala zikukanda, n'kumudula. Madzi achikasu onunkha aja, amene amachititsa kuti nkhuku zambiri zimulambalale bongololo, anayenderera pakamwa pake, iye osalabadira. Atatha anapukuta kukamwa ndi mwendo, mbali iyi ndi inayo, n'kupita kukaviika mutu m'madzi. Ana awiriwo anali atagwada panjerwa, osaphethira. Agogo awo anawalozera kumpopi kumene kunali sopo, ngakhale kuti wamng'onoyo anali atangogwira kamtengo kokha.

Sizinayambe chonchi. Miyezi yoyamba kambayo ankapatsidwa kabichi, tomato ndi nyenyeswa za mkute, pakuti wogulitsa uja anati amadya chilichonse. Sanadye. Ankangoyenda m'mbali mwa mpanda tsiku lonse, kukanda njerwa mpaka mphuno kunyuka, ndipo mayiwo anaona kuti nthawi zambiri ankakakamira mbali imodzi. Anayamba kupepuka m'manja. Chimene chinamupulumutsa ndi mlamu wawo wa kumudzi amene anabwera kudzacheza, munthu woti anakula akuweta mbuzi. Iye atamuona anati kamba wotereyu sadya zakudimba zokha; amafuna bowa, nkhono, bongololo, tizikumbu ndi zipatso zogwa, ndipo sakonda dzuwa la pamtetete. Anamusamutsira pamthunzi, ana n'kupatsidwa ntchito yotola nkhono m'mamawa. Pofika mu Juni panabuka china. Kambayo analowa pansi pa masamba n'kungoti zii, osadya, osasuntha, sabata ndi sabata. Ana analira kuti wafa, ndipo mnyamata wa pakhomo anatsala pang'ono kukamutaya kudzala. Mlamu yemwe uja, pafoni, anati amusiye. Akamba amtunduwu amabisala nyengo yonse yachilimwe, kudikira mvula. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, anatuluka yekha n'kukamwa madzi pachithaphwi kwa nthawi yaitali.

Panalinso manong'onong'o. Ena mwa oyandikana nawo atamva kuti kuseri kuli kamba anayamba kufunsana ngati mayiwo akukhwimira chinachake, poti kwathu kuno chigoba cha kamba anthu amachidziwira pamphasa ya sing'anga. Zinatha ana a m'deralo atayamba kubwera kudzaonerera akudya.

Koma mkangano weniweni uli m'banja momwemo, ndipo sunathe mpaka lero. Mwana wawo wamwamuna, amene anaphunzira za nkhalango, atamuona kambayo koyamba sanabise kukhumudwa kwake. Anawauza amayi ake, mwaulemu koma mosapsatira, kuti ndalama imene anapereka ija sinagule kamba mmodzi: inauza kamnyamata kaja ndi anzake onse oonerera kuti m'tchire muli katundu woyenda malonda. Mayiwo amayankha kuti iwo sanapite ku Ntcheu kukasaka kamba. Anapeza cholengedwa chikuzunzika, chitaboledwa, chikulendewera padzuwa, ndipo akanachisiya chikanaotchedwa madzulo omwewo kapena kufera pachingwepo. Amafunsa kuti munthu wa mtima wotani angaone zimenezo n'kukweza galasi la galimoto.

Amene ali mbali ya mayiwo si ochepa, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Amati tchire limene tikunena kuti kamba asiyidwemo latsala dzina lokha. Mitengo yathera makala, ndipo kuyambira mu Ogasiti mpaka Okutobala osaka mbewa amayatsa paliponse. Gwape amathawa moto, mbalame imauluka, koma kamba amangolowetsa mutu n'kudikira. Chipsera chili pachigoba chija ndi umboni wawo. Amawonjezera kuti kamba wa kuno ndi wa nyengo ya kuno. Safuna nyale kapena chotenthetsera, zinthu zimene ndi kuthimathima kwa magetsi sizingadaliridwe. Ndipo amakumbutsa kuti kamnyamata kogulitsako si chigawenga. N'kutheka kuti ndalamayo inagula kope ndi cholembera, kapena ufa wa tsikulo.

Mbali inayo imayambira pa mmene kamba amaswanirana. Wotseka kumbuyo amaikira mazira ochepa, kawirikawiri awiri mpaka asanu ndi limodzi. Mtundu wina, kamba wamkulu wamawanga wa kumadera otentha, amaikira pakati pa 5 ndi 30, koma mazirawo amakhala m'nthaka miyezi 8 mpaka 15 asanaswe, ndipo mwana wake amatenga zaka 12 mpaka 15 kuti nayenso ayambe kuswana. M'zaka zonsezo ng'azi zimafukula mazira, akhwangwala amatola tiana tachigoba chofewa, linthumbu limapha, nang'omba amaswa ngakhale okulirapo. Amene wafika pamsinkhu woikira ndi mmodzi mwa ochepa kwambiri, ndipo mtundu wonse umadalira kuti iyeyo akhale zaka makumi angapo akuikirabe. Wotola m'tchire satola tiana tobisala m'udzu. Amatola wamkulu wooneka, nthawi ya mvula yoyamba, imene ndi nthawi yomwe akamba akufunafuna anzawo ndi malo oikira. Nkhuku ukaichotsa m'khola, miyezi isanu ndi umodzi ina yalowa m'malo. Kamba wamkazi mmodzi akachoka paphiri, dzenje limene wasiya limatenga zaka zambiri kuti litsekeke, ngati n'komwe lingatsekeke.

Palinso zimene kamba wotoledwa amabwera nazo zosaoneka pamsewu. Akuluakulu anati kamba amanyerera yemwe wamtola, ndipo ambiri timangomva za kusayamika. Chimene chimachitika m'thupi mwake n'chakuti kamba amasunga madzi m'chikhodzodzo oti amuthandize m'miyezi yopanda mvula, ndipo akachita mantha amawataya onse nthawi imodzi. Wotoledwa, kunyamulidwa m'thumba, kuboledwa ndi kuimikidwa padzuwa amafika kwa wogula atauma m'kati. Chigoba chimene amachiboolacho si chikhadabo chakufa. Pansi pa chikamba chakunja pali fupa lamoyo, lolumikizana ndi msana ndi nthiti, lokhala ndi magazi ndi mitsempha yomvera ululu, ndipo bowo lotero limatha kulowetsa matenda. Ambiri amakhalanso ndi njoka zam'mimba ndi nkhupakupa zobisala m'khwapa ndi m'munsi mwa mchira. Nkhupakupazi si nkhani yaing'ono. Mu 2000 dziko la America linaletsa kulowetsa mitundu itatu ya akamba a ku Africa, kuphatikizapo wamawanga ndi mtundu umodzi wa otseka kumbuyo, poopa nkhupakupa zofalitsa matenda odzaza madzi kuzungulira mtima, amene amapha ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Wokhala ndi ziweto pakhomo ayenera kuidziwa mfundo imeneyi asanatsitse katoni m'galimoto.

Ndiye pali lamulo. Lamulo la dziko lino loona za nyama zakutchire, la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limanena kuti nyama iliyonse yokhala m'tchire ili m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa Amalawi onse, ndipo kugwira, kusunga kapena kugulitsa nyama yotetezedwa popanda chiphaso ndi mlandu. Kamnyamata ka pamsewu kaja kalibe pepala loti kakupatse. Kunja kwa malire, akamba onse a pamtunda ali pamndandanda wa pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, limene linasainidwa ku Washington mu 1973, kotero kuti kudutsa naye kamba pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Mchinji popanda zikalata n'kudziputira mavuto. Amene akufunadi kuweta kamba ulendo wake woyamba uyenera kukhala wa ku ofesi ya boma yoona za nyama zakutchire, kukafunsa za chilolezo, osati wa kumsewu.

Pamkanganowu, ine ndikuona kuti mayiwo ndi mwana wawo akuyankha mafunso awiri osiyana. Mayiwo akunena za kamba mmodzi amene anali pamaso pawo, ndipo palibe angawadzudzule kuti analibe chifundo. Amusamala bwino kuposa mmene ambiri akanachitira. Koma chifundo cha tsiku limodzi sichingasanduke malangizo kwa munthu amene wakhala pansi n'kuganiza kuti akufuna kuweta kamba. Kwa woteroyo yankho ndi loti asagule wa pamsewu. Mfundo ya moto ndi makala ndi yoona, koma tchire likachepa ndi pomwe kamba aliyense wotsalamo amafunika kwambiri, ndipo kuseri kwa nyumba, ali yekha, saswana. Tikayang'ananso kumbali ya wowetayo, wotseka kumbuyo wogwidwa m'tchire ndi mmodzi mwa akamba ovuta kwambiri kuyamba nawo. Ndi wamanyazi, amakana chakudya, amafuna chinyontho ndi mthunzi, amadya zinthu zoti uzichita kumusakira, ndipo theka la chaka amakhala atabisala moti mwana amene anamulirira uja samuona n'komwe. Wa mayi a ku Lilongwe anapulumuka chifukwa mlamu anatulukira panthawi yake. Si khomo lililonse lili ndi mlamu wotero.

Ngati chilolezo chapezeka, ndipo pali munthu wodziwika amene amaswetsa akamba movomerezeka, amene angayenere bwalo la kuno ndi wamawanga, wotchedwa leopard tortoise m'mabuku a Chingerezi, yemwe mwachilengedwe amapezeka kumadera otentha monga kuchigwa cha Shire. Amaswana bwino m'manja mwa anthu, moti ku Zambia kuli amene amawaweta n'kumagulitsa kunja. Chakudya chake chachikulu ndi udzu. Kapinga wosapoperedwa mankhwala, chisoso, masamba a mabulosi ndi nkhwani pang'ono zimamukwanira. Kabichi ndi zipatso zikhale za apo ndi apo, nsima ndi chakudya cha galu ayi. Kutchire amatafuna mafupa akale ngakhale ndowe zoyera za fisi kuti apeze zolimbitsa chigoba, choncho pakhomo fupa louma likhalepo. Koma wofuna ameneyu ayambe wayeza bwalo lake. Wamba amafika masentimita 40 ndi makilogalamu 13, ndipo ku Eastern Cape ku South Africa kuli ofika masentimita 70 ndi makilogalamu 40. Sapirira kuzizira konyowa. Chiperoni cha ku Blantyre ndi Thyolo, kapena usiku wa mu Julayi ku Dedza ndi Mzuzu, zimamudwalitsa chifuwa ngati alibe pogona pouma ndi potchingika.

Amene ayenera kupewedwa ndi woyamba aliyense ndi sulcata, kamba wa kudera louma la Sahel, yemwe zithunzi zake ndi zomwe zadzaza m'mafoni. Akangoswedwa kumene amakwana m'chikhatho, wachikasu, wokongola. Patapita zaka amapitirira masentimita 70, kulemera kuposa thumba la chimanga, ndipo amakumba nkhuti zotalika mamita angapo pansi pa mpanda ndi pansi pa maziko omwe. Kumayiko kumene anagulitsidwa kwambiri, malo osungira nyama zotayidwa adzaza ndi akamba amenewa, eni ake atalephera.

Abale athu amene ali ku Britain nkhani yawo ndi ina. Kumeneko oyamba amalangizidwa akamba ang'onoang'ono awiri, wa Hermann wa kumwera kwa Ulaya ndi wa Horsfield wa kuchigawo chapakati cha Asia, omwe kawirikawiri amathera cha m'ma masentimita 20. Dziko la Britain linadutsamo kale m'zimene tikukambazi. Kwa zaka zambiri akamba ankatoledwa kumpoto kwa Africa ndi kumwera kwa Ulaya n'kutumizidwa kumeneko miyandamiyanda, ambiri n'kufa chisanathe chaka chachiwiri, mpaka malondawo analetsedwa mu 1984. Lero wa Hermann sagulitsidwa popanda chikalata chosonyeza kumene anachokera. Wa Horsfield safuna chikalata chotero, ndipo ambiri ogulitsidwa motchipa m'mayiko osiyanasiyana amachokera ku Uzbekistan, choncho wogula ayenera kufunsitsa ngati anaswedwa pakhomo. Ku Britain dzuwa ndi losowa, ndiye pamafunika nyale yapadera yolowa m'malo mwake, pakuti popanda kuwala kwa mtundu umenewo thupi la kamba silingagwiritse ntchito kashiamu, ndipo chigoba chimafewa n'kupindika. Kumuika pawindo sikuthandiza, galasi limatchinga kuwalako. Ku South Africa, kumene kuli mitundu ya akamba yoposa khumi, kusunga kamba wa m'dzikomo kumafuna chilolezo cha boma la chigawo, ndipo Mmalawi wogwira ntchito m'munda wa bwana ku Johannesburg kapena ku Cape Town asayerekeze kumutenga wa m'tchire kuti adzamubweretse kumudzi.

Kulikonse kumene munthu ali, mtima umathamangira kakhanda, koma kakhanda ndiye kosachedwa kufa. Kamauma msanga, khoswe amakaluma usiku, khwangwala amakanyamula masana, ndipo galu wa pakhomo, ngakhale wofatsa, amaona chigoba chake kukhala fupa lotafuna. Ndi bwino kuyamba ndi wa zaka zingapo wochokera kwa munthu amene wamuweta ndipo akudziwa zimene amadya. Pomusankha, munyamuleni ndi manja awiri: akhale wolemera, osati wopepuka modabwitsa. Maso akhale otseguka ndi owala, mphuno youma yopanda thovu, chigoba cholimba, ndipo akamayenda azinyamula mimba yake osaikoka pansi. Mmodzi ndi wokwanira. Kamba sasungulumwa, ndipo amuna awiri m'khola limodzi amagundana mpaka wina kugadabuzidwa. Akagadabuka padzuwa popanda womuona, maola ochepa ndi okwanira kumupha.

Za sopo za agogo aja zili ndi chifukwa. Akamba, ngakhale ooneka athanzi, amanyamula tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba, toopsa kwa ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera ndi odwala. N'chifukwa chake America inaletsa mu 1975 kugulitsa tiakamba ndi tiankhasi tosakwana masentimita 10, poona kuti ana ankatiika kukamwa. Mbale ya kamba isatsukidwe pamodzi ndi za anthu.

Chimene ambiri saganizira ndi zaka. Galu amakhala nawe zaka khumi ndi zingapo. Kamba wosamalidwa bwino amapitirira zaka 50, ndipo ena amafika patali kwambiri. Pachilumba cha St Helena, kamba wamkulu wotchedwa Jonathan, amene anabwera kuchokera ku Seychelles mu 1882 ali wamkulu kale, anamuchitira chikondwerero cha zaka 190 mu 2022. Mwana amene akulirira kamba lero ali Sitandade 3 adzapita kusekondale yogonera konko, adzakwatira, mwina adzapita kunja, kamba ali pomwepo. Banja la lendi lidzasamuka kangapo, ndipo si nyumba iliyonse idzakhale ndi bwalo. Mayi a ku Lilongwe aja nkhaniyi amaitchula okha. Akuti anawauza kale adzukuluwo kuti mmodzi wa iwo adzamutenga, koma akudziwa kuti lonjezo la mwana wa zaka zisanu ndi zinayi si loti n'kumangirapo nyumba.

Pa chinthu chimodzi chokha mayiwo ndi mwana wawo amagwirizana: kambayo sangangotengedwa n'kukatayidwa m'nkhalango iliyonse. Palibe akudziwa phiri limene anatoledwa. Kamba amalidziwa dera lake, pobisala ndi pamene pamakhala madzi, ndipo akasiyidwa kwachilendo amayenda osaima kufunafuna kwawo, kudutsa minda ndi misewu. Amene wakhala pakati pa nkhuku ndi anthu akhozanso kukapatsira matenda anzake a m'tchire. Mwanayo akufuna kuti akamupereke kwa odziwa ntchito yosamala nyama zakutchire. Mayiwo akufuna akafunse chilolezo kuti akhale naye. Agwirizana kuti apitira limodzi ku ofesiko, koma tsiku lake lakhala likusunthidwa.

Nyengo yozizira ikamafika, akamba ambiri a m'tchire amayamba kulowa pansi pa zipika, m'mauna ndi m'zulu zakale. Saoneka mpaka mvula yoyamba. Oyenda pamsewu wa M1, wa ku Salima kapena wotsikira ku Chikwawa amadziwa kuti masiku amenewo ndi pomwe timakumana nawo akuwoloka phula m'mamawa, ndipo ndi pomwenso zigoba zophwanyika zimapezeka m'mbali mwa msewu. Madalaivala ena amachita kuwalambalala, ena samawaona n'komwe. Mukadzamupeza wotero ndipo pali poima posaopsa, munyamuleni ndi manja awiri chapansipansi, osamutembenuza, mumuwolotsere mbali imene amaloza, mumuike paudzu, inu n'kupitiriza ulendo wanu. Musamuike m'galimoto.